Mphunzitsi wa ku Nweli ndi Marandi 5



Pa 2 February Eklezia amakumbukira tsiku limene Maria ndi Yosefe adapita ndi mwana Yezu ku Tempile kukampereka kwa Mulungu. Luka Woyera, pa mutu 2, akutiuza kuti nkhalamba Simeoni adamlandira mwanayo m'manja, naneneratu kuti anthu ambiri adzamtsutsa, ndi kuti mtima wa amai ake udzalasidwa ndi chisoni. Pa tsiku lomwelo, m'chaka cha 1990, mphunzitsi wina wa kumudzi ku South Africa adaphedwa ndi anthu akwao omwe. Dzina lake ndi Benedict Daswa, ndipo Eklezia amamkumbukira pa 1 February. Lero tione moyo wake ndi banja lake, kuti timvetse kumene adatenga mphamvu zokanira chinthu chimene mudzi wonse udavomera.

Adabadwa pa 16 June 1946 m'mudzi wa Mbahe, ku dera la Venda, kumpoto kwa dzikolo. Makolo ake anali a mtundu wa Alemba, anthu osunga miyambo yofanana ndi ya Ayuda. Iye anali mwana wachisamba, ndipo adamutcha Tshimangadzo, ndiye kuti chodabwitsa. Pa ubwana wake adaweta ziweto ngati anyamata anzake, kenaka adayamba sukulu. Atate ake atamwalira pangozi, katundu wa banja adagwera iye. Adagwira ntchito nalipirira sukulu abale ake aang'ono, osadandaula.

Chikhulupiriro cha Katolika adachidziwira ku Johannesburg, kumene ankapita patchuthi. Atabwerera kwao adaphunzira katekisimu zaka 2 kwa mphunzitsi wa Mpingo dzina lake Benedict Risimati, nabatizidwa pa 21 April 1963. Adasankha dzina la Benedict, nasankhanso kukhala monga adaphunzitsira Benedikito Woyera: kupemphera ndi kugwira ntchito. Adaphunzira zauphunzitsi, ndipo pambuyo pake adakhala mphunzitsi wamkulu wa sukulu ya pulaimale ya Nweli. Adakwatira, ndipo Mulungu adadalitsa banjalo ndi ana 8.

Tsono taonani, abale, m'mene ankakhalira pakhomo pake. Mphunzitsi wamkuluyo ankapita yekha kukatola nkhuni ndi kukatunga madzi, ankachapanso matewera a ana ake, ntchito zimene amuna anzake ankati nzachikazi. Ena adamuseka, ena adati mkazi wamdyetsa mankhwala. Iye sadaleke. Anali ndi dimba la ndiwo zamasamba: osauka ankawapatsa zaulere, ndipo ana osowa ndalama za sukulu ankagwiramo ntchito kuti apeze zolipirira maphunziro ao. Adathandiza kumanga tchalitchi cha ku Nweli, akututa miyala pa galimoto lake. Adayambitsanso timu ya mpira ya anyamata. Tsiku lina anzake adati afune mankhwala kwa sing'anga kuti azipambana masewera. Iye adakana, ndipo atalephera kuwabweza adachokamo nakayambitsa timu ina.

Akuluakulu adati m'mera mpoyamba. Munthu amene wazolowera kusekedwa chifukwa chochapa matewera, amene wataya timu yake chifukwa chokana zithumwa, wayamba kale kuphunzira kuima yekha pa choona. Mau oti "iai" adawaphunzira pa zinthu zazing'ono zaka zambiri tsiku loopsa lisanafike.

M'mwezi wa November 1989 kudagwa mvula yamkuntho, ndipo mphenzi zidatentha nyumba zingapo. Pa 25 January 1990 zidachitikanso. Anthu adagwidwa ndi mantha, nayamba kufunsana kuti watumiza mphenzizo ndani. Akuluakulu a mudzi adagamula kuti anthu asonkhe marandi 5 aliyense, akaitane sing'anga woombeza adzaloze mfiti. Benedict anali mlembi wa bwalo la mfumu. Adawauza kuti mphenzi ndi chilengedwe, sizitumizidwa ndi munthu, ndipo kuti chikhulupiriro chake sichimlola kuperekapo ndalama.

Marandi 5 ndi ndalama yochepa kwa mphunzitsi wamkulu. Akadatha kupereka mwakachetechete, nanena mumtima kuti Mulungu akudziwa kuti sindikhulupirira zimenezi. Ambiri a ife tikadatero. Koma iye adadziwa kumene ndalamazo zinkapita. Sing'anga amene walandira malipiro sabwerera osaloza munthu, ndipo wolozedwayo ndiye kuti wapita: kutentheredwa nyumba, kupirikitsidwa, mwinanso kuphedwa. Ndalamayo inali mtengo wa magazi a munthu wosalakwa amene dzina lake linali lisanatchulidwe. Benedict adakana kugula imfa ya mnansi wake, ngakhale sadadziwe kuti mnansiyo adzakhala yani.

Madzulo a pa 2 February ankabwerera kwao, atapereka mlamu wake ndi mwana wodwala kwa dokotala ku Thohoyandou. Adapeza mseu atautseka ndi mitengo. Atatsika, gulu la anyamata lidayamba kumgenda. Adathawa ali magazi okhaokha nakabisala m'nyumba ina, koma adampeza. Adapemphera napereka mzimu wake m'manja mwa Mulungu, monga adachitira Ambuye pa mtanda, ndipo adammenya ndi chibonga m'mutu, namthira madzi owira. Anali ndi zaka 43. Mkazi wake anali woyembekezera, kotero mwana wao wotsiriza sadaone nkhope ya atate ake.

Pa maliro ake ansembe adavala zofiira, zovala za amaritiri. Pa 13 September 2015, ku Tshitanini, Kadinala Angelo Amato, m'dzina la Apapa Fransisko, adalengeza kuti Benedict Daswa ndi Wodala, woyamba wobadwira ku South Africa. Pakati pa khamulo panali amai ake okalamba pamodzi ndi ana ake. Mai amene mtima wake udalasidwa mu 1990 adakhala ndi moyo mpaka kuona tsikulo.

Abale anga, za ku Mbahe sizachilendo kwa ife. Mwana akamwalira mwadzidzidzi, mvula ikakana, malonda akagwa, timayamba kunong'onezana, ndipo maso athu amagwera pa agogo amasiye okhala okha kumapeto kwa mudzi. Oponya mwala amakhala ochepa, koma osonkha ndalama, ovomera ndi mutu, okhala chete pa bwalo ndiwo ambiri, ndipo pakati pao pali ife obatizidwa. Tikumbukire kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Inu aphunzitsi, ana amaphunzira zambiri poona zimene mukukana kuposa zimene mukulemba pa bolodi. Inu abambo, yambirani pakhomo panu: thandizani akazi anu, pempherani ndi ana anu, kanani kanthu kakang'ono koipa lero, kuti mudzathe kukana kakakulu mawa. Ndipo tonsefe, akadzabwera ndi mbale yosonkhera ndalama zokalozera munthu, tidzabweze dzanja lathu.

Wodala Benedict Daswa, mutipempherere ife. Ambuye akudalitseni nonse, m'dzina la Atate ndi la Mwana ndi la Mzimu Woyera. Amen.