Kucokera pa Citupa Kufika pa Unzika

M'phunziro lathu la mbiri ya dziko lero tipita ku cigwa ca Luangwa, kwa Mfumu Yaikulu Nsefu m'boma la Mambwe. Funso lathu ndi ili: kodi nzika ya dziko ndani? Mvetserani bwino, pakuti yankho lake lakhala likusintha monga mwa malamulo a nthawi iliyonse.

Tiyambe ndi masiku a makolo. Akunda, anthu a Mfumu Nsefu, analowa m'cigwaci kucokera kutsidya la kumadzulo kwa Luangwa, motsogozedwa ndi Mambwe, amene bomali linatengera dzina lake. Angoni naonso anacokera kutali, naoloka Zambezi m'caka ca 1835. Nthawi imeneyo kunalibe pasipoti. Mlendo ankapita kwa mfumu ya mudzi napempha malo. Akalandiridwa, nalima munda namanga banja, ana ake anali eni mudzi monga ena onse.

Zinthu zinasintha pamene kampani ya Cecil Rhodes, ya British South Africa Company, inakhazika boma lake ku Fort Jameson, kumene lero ndi ku Chipata, m'caka ca 1899. Mu 1911 dziko lonse linakhala Northern Rhodesia, ndipo mu 1924 boma la Britain linatenga ulamuliro m'manja mwa kampaniyo. Malamulo atsopano anagawa anthu poyang'ana khungu ndi kumene anacokera. Azungu a ku Britain anawerengedwa anthu a Mfumu ya Britain. Anthu akuda obadwira muno anangowerengedwa anthu otetezedwa ndi Britain. Mau awa amveka okoma, koma tanthauzo lake linali lowawa: wotetezedwa analibe voti. Mlendo wofika dzulo ankasankha opanga malamulo, mwini dziko ali cete. Anthu akuda oyamba kulowa m'nyumba ya malamulo anali awiri okha, a Henry Kasokolo ndi a Nelson Nalumango, mu 1948.

Lamulo linagawanso nthaka. Kampani ina, ya North Charterland, inapatsidwa dera lalikulu la kum'mawa kuno, potsamira pa mapangano amene Mjeremani Carl Wiese anati anapangana ndi Mfumu Mpezeni. Mu 1928 boma linadula malo osungiramo anthu akuda, ndipo midzi yambiri inasamutsidwa kuti minda yaconde itsalire azungu. Anthu anapanikizana, nthaka inaguga. Boma linagulanso dera la kampaniyo mu 1941, zambiri zitaonongeka kale.

Tsopano tifike pa citupa. Lamulo la mu 1929 linakakamiza amuna akuda opita m'matauni kunyamula citupa, pamene analembapo dzina la munthu, mudzi wake ndi mfumu yake. Mnyamata wa ku Nsefu wofuna ndalama ya msonkho akapita ku migodi, ankayenda ngati mlendo m'dziko lake lomwe, ndipo akapezeka wopanda citupa ankamangidwa. M'masitolo ambiri a m'tauni munthu wakuda sankalowa pakhomo. Ankagulira pa kazenera ka m'mbali. Amwenye, amene anayamba malonda ku Fort Jameson ca m'ma 1905, naonso anaikidwa pa mzere wao-wao, ndipo boma la Citaganya ca Rhodesia ndi Nyasaland linatsekereza abale ao kulowa muno ndi lamulo la mu 1954.

Taganizirani ici, ana inu. Mu 1950 Mfumu Nsefu anamvana ndi a Norman Carr kupatula mbali ina ya dziko lao kuti ikhale yosungiramo nyama za m'thengo, ndipo ndalama zolipira alendo odzaona nyamazo zinkapita m'thumba la boma la Akunda. Lero malowo ali mbali ya paki ya South Luangwa. Mfumu inali ndi nzeru yoyang'anira cuma cotere, koma anthu ake pa caka cimeneco analibe mau posankha opanga malamulo a dziko.

Anthu sanakhale manja lende. Mu 1954 cipani ca African National Congress, motsogozedwa ndi a Harry Nkumbula, cinauza anthu a mu Lusaka kuti aleke kugula nyama m'mabucala a tsankho. Mu 1961, pa nthawi ya Cha Cha Cha, anthu ambiri anatentha zitupa zao, makamaka kumpoto ndi ku Luapula. Tsono pa 24 October 1964, otetezedwa aja obadwira muno anasanduka nzika za Zambia. Azungu ndi Amwenye okhazikika muno analoledwa kulembetsa unzika. Khungu linaleka kukhala muyeso.

Koma mtima wosankhana sufa msanga. Mu 1996 malamulo akulu a dziko anasinthidwa kuti woimira upulezidenti akhale amene makolo ake onse awiri ndi mbadwa za Zambia. Lamuloli linatsekereza a Kenneth Kaunda, amene anabadwira ku Lubwa m'boma la Chinsali mu 1924 nalamulira dziko zaka 27, cifukwa makolo ao anacokera ku Nyasaland. Mu 1999 khoti lalikulu la ku Ndola linafika pogamula kuti iwo sanali nzika. Ife a kum'mawa nkhani iyi itikhudza kwambiri, pakuti malire a atsamunda anadula pakati pa mabanja athu. Kalonga Gawa Undi akhala ku Mkaika m'boma la Katete, koma Acewa ao ali m'Zambia, m'Malawi ndi m'Mozambique. Wansembe Leonard Kamungu, amene anatumikira Akunda ku Msoro mpaka imfa yake mu 1913, anacokera kufupi ndi Nkhotakota. Akulu anati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa.

Mu 2016 cigawo ca makolo cija cinacotsedwa. Lamulo tsopano liti mwana ndi nzika ngati mmodzi mwa makolo ake anali nzika pa nthawi yobadwa mwanayo. Mwana wosapitirira zaka 8 wopezeka m'Zambia, amene makolo ake ndi dziko lake sizidziwika, awerengedwa nzika. Munthu aloledwanso kukhala nzika ya maiko awiri.

Inu mukadzakwanitsa zaka 16 mudzalandira citupa cobiriwira, cimene ambiri amati reji. Citupa ca agogo anu cinkawauza kumene sayenera kuponda. Canuci cidzacitira umboni kuti dziko ndi lanu. Cotero mnzanu wa m'kalasi amene agogo ake anacokera ku Malawi, ku Mozambique kapena ku India, musamuseke kuti ndi wobwera.

Aphunzitsi, wailesi ikatsekedwa funsani ana mafunso awa. Coyamba, munthu wotetezedwa ankasowa ufulu wotani? Caciwiri, cinasintha nciani pa 24 October 1964? Cacitatu, mwana aliyense akafunse agogo ake kumene makolo ao anacokera, ndipo mulembe malowo pa mapu a m'kalasi. Tsalani bwino, tidzakumananso sabata la mawa.