Lipenga Laling'ono: Mau Onenedwa pa Tsiku la Yubile

Mwamva belu ndi nyimbo za makwaya, ndipo kuyenera kutero, pakuti m'buku la Levitiko caka ca 50 cinali caka coliza lipenga. Koma ife tifuna kukukumbutsani za lipenga lina, locepa koposa onse, limene linayamba kulira m'dziko muno belu lisanapacikidwe. Ndilo kulira kwa udzudzu.

Tiyambe ndi nyimbo yace. Ambiri ayesa kuti udzudzu uyimba ndi pakamwa. Iai, uyimba ndi mapiko, amene uwakupiza koposa ka 300 pa sekondi imodzi. Wamphongo uli ndi tinyanga taubweya m'malo mwa makutu, ndipo ndi timeneti umva liu la waukazi, nuulondola. Cina codabwitsa ndi ici: wamphongo suluma munthu konse, ungomwa madzi a m'maluwa, woluma ndiwo waukazi, pofuna mwazi wokhwimitsa mazira ace. Ndiponso si mtundu uli wonse upatsa malungo, koma umene dzina lace ndi Anopheles. Umenewu uluma makamaka usiku, ndipo potera pakhoma uweramitsa mutu ndi kukweza kumbuyo, monga munthu wogwira khasu.

Tsono taonani cimene kanthu aka kanacita kwa iwo amene anatitengera Uthenga. Bishopu Mackenzie anafika ku Magomero m'caka ca 1861, namwalira ndi malungo pa 31 January 1862 pafupi ndi pamene Ruo atsira m'Shire, bwato litagubuduka ndi kutaya mankhwala ace. M'mwezi wa April caka comweco anamwalira Mary, mkazi wa David Livingstone, ku Shupanga pa Zambezi. A Livingstonia anamanga ku Cape Maclear m'caka ca 1875, ndipo zisanathe zaka ziwiri anaika m'manda Dotolo William Black. Otsalawo anasamukira ku Bandawe mu 1881, nakwera ku Khondowe mu 1894.

Anthu amenewa anali ophunzira, ena a iwo madotolo, koma mdani wao sanamdziwe. Anayesa kuti nthendayi icokera ku mpweya wa m'madambo. Ngakhale dzina lace la malaria ndilo mau a Citaliana otanthauza mpweya woipa. Kwinini anali naye, wocokera ku khungwa la mtengo wa ku Peru. Koma cimene ciimba pakhutu pao sanacisamale. M'caka ca 1880 dotolo wa ku France, Alphonse Laveran, ali ku Algeria, anaona tizirombo ta malungo m'mwazi wa wodwala. Ndipo pa 20 August 1897 Ronald Ross, ali ku India, anatipeza m'mimba mwa udzudzu. Pamenepo Mackenzie anali atagona zaka 35.

Ife tsono tidziwa cimene iwo sanacidziwe, ndipo cifukwa cace mlandu wathu uposa wao. Udzudzu uikira mazira m'madzi odikha, monga m'zithaphwi ndi m'mapondero a ng'ombe. Ndipo nyengo yotentha papita masiku ngati 10 okha, dzira lasanduka udzudzu wouluka. Walira mvula walira matope. Maenje amene tinakumbamo dothi la njerwa za chalichi ndi za sukulu, tikawasiya osafotsera, ndiwo nkhokwe za malungo a ana athu omwe. Masikito amene tilandira ku cipatala si ogwirira usipa, kapena ochingira mbeu kudimba, koma ogonamo; makamaka ana aang'ono ndi amai apakati, pakuti amenewa ndiwo nthendayi iwagwetsa msanga. M'mwezi wa April 2019 dziko la Malawi linatsogolera maiko onse poyamba kupatsa ana katemera wa malungo. Koma katemera sanadze kudzacotsa masikito, koma kudzathandizana nao.

Inu akatekisi, amene mulowa m'midzi imene dotolo safika, mau anu anthu awamvera. Mukapeza mwana watentha thupi, pempherani naye, ndipo tsiku lomwelo mtumizeni akayezedwe mwazi. Musalole kuti afune mfiti pakati pa abale, pamene mfitiyo iri pakhoma. Akulu anati, wakutsina khutu ndi mnansi. Ndipo udzudzu, ungakhale mdani, uticenjeza usiku ndi usiku.

Tikumbuke manda a iwo amene anagona osadziwa, tisaonjezepo manda a ana athu tiri odziwa. Mulungu amene anasunga mpingo uwu kufikira lero atipatse mitima yosamalira zazing'ono, kuti ana amene ayimba pano lero adzakhale nkhalamba zoyimba pa Yubile irinkudza. Mtendere ukhale ndi inu nonse.