Njinga ya pa Foni ndi Njinga ya m'Sitolo

Tisanatsegule mabuku lero, tikambe za njinga.

Fodya tagulitsa. Chimanga chili m'nkhokwe. Ambiri a ife tikufuna njinga. Kuno ku Chifunde njinga si yodzionetsera. Imanyamula thumba kupita ku chigayo. Imanyamula wodwala kupita ku chipatala. Kuyambira ku Mualadzi mpaka ku Nsadzu, njinga ndiyo ngolo ya mlimi.

Masiku ano ana athu amationetsa njinga pa foni. Pa Facebook ndi pa WhatsApp pali zithunzi za njinga zonyezimira, za magiya, zotsika mtengo. Wogulitsa ali ku Tete, ku Beira kapena ku Maputo. Iye akuti titumize ndalama pa foni, njinga ibwera pa chapa.

Tiyeni tiwerengere pamodzi. Tengani makope. Manambala awa ndi ongoyerekeza. Tinene kuti njinga ya pa foni ndi meticais 4,000, ya m'sitolo ndi 5,000. Yotsika mtengo ndi iti? Nonse mwati ya pa foni. Dikirani pang'ono. Chapa ya pa msewu wochokera ku Tete kupita ku Cassacatiza sinyamula katundu ulere. Lembani 700. Njinga imafika m'katoni, yosamanga. Womanga afuna 300. Phatikizani. Zakwana zingati? Zakwana 5,000. Mtengo wafanana, koma njingayo sitinaigwire ndi manja.

Chaka chatha bambo wina wa m'kalasi mwathu muno anagula njinga yotere. Tisaname, njinga inafikadi, ndipo inali yokongola. Mudzi wonse unabwera kudzaona. Koma inalibe keriyala. Bamboyo anamangirira yakeyake, nakwezapo thumba la chimanga. Mwezi usanathe masipoko anathyoka, limu inapindika, magiya anakana. Wokonza njinga wa pansi pa mtengo wa mango anaiyang'ana, napukusa mutu: zipangizo zake kuno kulibe. Wogulitsa uja analeka kuyankha foni. Lero njingayo ili pa khonde, nkhuku ndizo zikugonapo.

Njinga yakuda ija ya matayala a 28, monga Hero ya ku India kapena Phoenix ya ku China, siikongola kwenikweni. Koma tcheni yake, machubu ake ndi masipoko ake timazipeza m'misika yathu, ngakhalenso ku Katete, kutsidya kwa malire a Zambia. Wokonza aliyense amaidziwa.

Sitikunena kuti a masitolo onse ndi olungama, ayi. Ena amakweza mitengo akaona kuti alimi alandira ndalama za fodya. Koma wa sitolo tikudziwa pamene amakhala. Tingathe kunenerera mtengo. Njinga ikavuta mawa, tibwerera pa khomo pake.

Tsono tikapita ku sitolo, tisachite manyazi. Tikwere njingayo. Tizunguze tayala, tione ngati likuyenda molunjika. Tigwire mabuleki. Titsamire pa keriyala. Kenaka tipemphe lisiti, ndipo tiliwerenge tokha: tsiku, mtengo, dzina lathu, ndi nambala imene inadindidwa pa chitsulo cha njinga. Njinga ikabedwa, nambala imeneyo ndiyo mboni yathu ku polisi.

Nanga amene wafunitsitsa ya pa foni atani? Atume m'bale wake wa ku Tete akaione ndi maso ndalama zisanapite. Potumiza pa M-Pesa kapena pa e-Mola, awerenge yekha nambala ya wolandira ndi kuchuluka kwa ndalama. Nambala yake yachinsinsi asauze munthu, ngakhale womuthandizayo.

Mu 1978, pamene boma linayambitsa ntchito yophunzitsa akuluakulu kulemba ndi kuwerenga m'dziko lonse, makolo athu ankafuna kuwerenga kalata ndi sikelo. Ife tawonjezerapo uthenga wa pa foni.

Lachinayi aliyense amene ali ndi njinga abwere nayo. Tidzafufuza nambala yake, ndipo mwini wake adzailemba yekha m'kope.