Mau a Mnzathu pa Msonkhano wa Ophunzira Akale

A Wapampando, aphunzitsi athu, ndi inu anzanga amene tidadyera limodzi mgaiwa ndi nyemba zofumbwa, zikomo.

Ambiri mudamva kuti ndidagonekedwa m'chipatala ndi chifuwa chachikulu. Mankhwala ake ndi a miyezi 6. Ntchito idaima, ndalama n'kutha. Abusa ankandilimbitsa ndi nkhani ya Mfumu Hezekiya, amene Mulungu adamuonjezera zaka 15. Koma amene adandikhudza kwambiri ndi Paulo. Iye adapempha katatu kuti munga uchoke m'thupi mwake, sudachoke, komabe sadaleke kutumikira. Kuyambira pamenepo ndinkangopempha mphamvu za tsiku limodzi, m'mawa uliwonse.

Mnzathu wina wa m'kalasi mwathu ali chigonere kumudzi. Loweruka likudzali tikamzonde. Mbale ikuzungulira, tiponyemo kangachepe.