Impso Zathu ndi Kusefa kwa Magazi

Zikomo a Mfumu, nduna zanu, amayi ndi abambo nonse amene mwasiya makasu kudzamva mawu awa. Impso ziwiri zimene Namalenga anaika chakumsana kwathu, iliyonse kukula kwake ngati chibakera, sizidziwa Sabata. Pakuti m'impso imodzi muli timasefa pafupifupi 1 miliyoni, totchedwa ma nephron, ndipo kalikonse kamayamba ndi kamfundo ka timitsempha ta magazi kokhala m'kachikho, kamene William Bowman wa ku England anakafotokoza m'chaka cha 1842.

Tcherani khutu pano. Mtsempha wolowetsa magazi m'kamfundoko ndi wotakata, koma wotulutsa ndi wopapatiza, kotero kuti magazi amapanikizika monga madzi a m'ngalande ya kudimba mukaitsekereza kumapeto. Ndipo mphamvu imeneyo ndiyo imakankha madzi, mchere, shuga ndi zonyansa kudutsa m'timabowo tosaoneka ndi maso, pamene maselo a magazi ndi mapuloteni, pokhala aakulu, amatsalira. Pa tsiku limodzi amasefedwa malita pafupifupi 180, ndiye kuti zigubu 9 za malita 20. Tikadataya onsewo, dzuwa likadalowa tili mitembo, koma kanjira kotsatira kachikhoko kamabweza m'magazi shuga yense ndi madzi ochuluka, mkodzo n'kungotsala lita imodzi ndi theka.

Tsono popeza zonse zatsamira pa kupanikizika kumeneku, mwana akatsegula m'mimba, kapena kolera ikagwa m'mudzi, madzi amatha m'thupi, mphamvu yokankha imachepa, sefa amaima. N'chifukwa chake mkodzo ukasowa timati m'mwetseni thanzi, muthamange naye kuchipatala, osayamba mwamupatsa bulufeni, amene pa nthawi yotere amafinya mtsempha wolowetsa uja.

Mphamvu ikapyola muyeso ndi tsokanso. BP ndi matenda a shuga zimang'amba timabowo pang'onopang'ono kwa zaka, mwini wake akulima bwinobwino osamva kupweteka, chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Mapuloteni amayamba kudontha, mkodzo umachita thovu losatha msanga, nkhope ndi mapazi zimatupa, ndipo ambiri a ife, ndinene mosapsatira, timayamba kuloza chala mnansi m'malo mokayezetsa. Sefa wakufa samera wina. Makina otsuka magazi alipo ku Queen Elizabeth ku Blantyre ndi ku Kamuzu Central ku Lilongwe, koma ndani pano angathe ulendo wotere sabata ndi sabata, moyo wake wonse?

Ndabwera ndi makina oyezera BP. A Mfumu akalola, tiyambe ndi nduna, kenaka amayi oyembekezera.