Mizere ya Kuŵala Yoyezera Maonekedwe a Zinthu

Kamera ili ndi diso limodzi. Ikajambula mtsuko weniweni, kenaka nkujambula mtsuko wina wongolembedwa ndi utoto pakhoma, zithunzi ziŵirizo zingathe kufanana kotheratu, pakuti diso limodzi silidziŵa bwino kuti chapafupi nchiti, chapatali nchiti. Munthu anapatsidwa maso aŵiri. Akatambasula mkono, natsinzina diso limodzi kenaka linzake, chala chake chachikulu chimaoneka ngati chikudumpha. Ndipo ubongo umayeza mtunda poona kukula kwa kudumphako.

Akatswiri anayesa kupatsa kompyuta makamera aŵiri, ndipo njirayi imagwira ntchito mpaka lero. Koma imalephera pa chinthu chosalala cha mtundu umodzi, monga khoma lopakidwa njereza, chifukwa palibe chizindikiro chosonyeza kuti kadontho kamene kamera ina yaona ndi komwe kaja inzake yaona. Tsono nzeru inali yochotsa kamera imodzi, ndi kuika m'malo mwake makina oponya kuŵala, onga aja oonetsera kanema, kuti azilemba okha zizindikiro pa chinthucho. Njirayi m'Chingerezi imatchedwa structured light.

Aliyense wokhala kumudzi anaonapo maziko a nzeru imeneyi. Dzuŵa likapendeka, mithunzi ya mpanda wa bango imagwa moongoka pabwalo, koma ikafika pa mtondo imapindika, nitsata mimba ya mtondowo. Kupindikako ndiko kumaulula maonekedwe a chinthu. Kompyuta ikadziŵa mtunda wa pakati pa kamera ndi makina aja, ikadziŵanso mbali imene mzere wa kuŵala wachokera ndi mbali imene kamera yauonera, imapeza pamene pali kadontho kalikonse mwa masamu a makona atatu, monga amachitira anthu opima malo.

Mzere umodzi umayeza kachigawo kamodzi kokha, kotero ntchito yake njochedwa. M'chaka cha 1999, gulu la Marc Levoy wa ku yunivesite ya Stanford linayeza chosema cha David, ntchito ya Michelangelo, mumzinda wa Florence, poyendetsa mzere umodzi wa kuŵala kwa laser pang'onopang'ono. Linagwira ntchitoyo usiku kwa masabata angapo. Koma kuponya mizere yambiri pamodzi kuli ndi vuto lakenso: mizere yonse njofanana, ndipo ina imabisika kuseri kwa mphuno kapena kwa khutu. Nanga kompyuta idzadziŵa bwanji kuti uwu ndi mzere wa 300, osati wa 301?

Yankho lake analilongosola J. L. Posdamer ndi M. D. Altschuler a ku America m'chaka cha 1982, ndipo nlokoma chifukwa cha kuphweka kwake. Tinene kuti makina aja ali ndi mizere 1,024. Poyamba amaŵalitsa theka la mizereyo, theka lina nkulisiya mumdima, kamera nkujambula. Kachiŵiri amagaŵa theka lililonse paŵiri, kotero pamakhala zigawo zinayi: mdima, kuŵala, mdima, kuŵala. Kachitatu zigawo zimakhala zisanu ndi zitatu, ndipo zimanka nizichepa, monga mikwingwirima ya mbidzi, mpaka chithunzi chakhumi. Pa kadontho kalikonse kompyuta imalemba 1 pamene panaŵala, ndi 0 pamene panali mdima. Zikatha zithunzi khumi, kadonthoko kamakhala ndi manambala khumi ondondozana, ndipo ndondomeko imeneyo ndiyo dzina la mzere umene wakagwera. Palibe mzere wina wokhala ndi dzina lomwelo. Ntchito imene ikanafuna zithunzi 1,024 yatheka ndi zithunzi 10.

Komabe m'malire mwa kuŵala ndi mdima simukhala mooneka bwino, ndipo apa mpamene pagona ngozi. M'kaŵerengedwe ka 0 ndi 1, nambala 511 imalembedwa ndi 0 mmodzi wotsatidwa ndi ma 1 asanu ndi anayi, pamene 512 ndi 1 mmodzi wotsatidwa ndi ma 0 asanu ndi anayi. Mizere iŵiriyi njoyandikana, koma maina ake asiyana pa malo onse khumi. Kadontho kogwera pakati pa iyo kali pamalire m'zithunzi zonse, ndipo kamera ikaphonya pa chithunzi choyamba chokha, kompyuta ingathe kuyesa kadonthoko nka mzere wakutali kwambiri. Pa tsaya losalala pamamera nyanga.

Mankhwala ake anali atapezeka kale pa ntchito ina. Frank Gray wa ku Bell Laboratories, amene analandira chikalata cha umwini wa luso lake m'chaka cha 1953, anakonza kandandalikidwe ka 0 ndi 1 momwe manambala oyandikana amasiyana pa malo amodzi okha. M'chaka cha 1984, Seiji Inokuchi ndi anzake a ku yunivesite ya Osaka ku Japan anagwiritsa ntchito kandandalikidwe kameneka poponya mizere. Kamera ikalakwa pamalire, kadontho kamangopatsidwa dzina la mzere woyandikana nawo, ndipo cholakwacho nchaching'ono. Ambiri amajambulanso chithunzi chilichonse kaŵiri, kachiŵiriko atatembenuza kuŵala kukhala mdima, kuti chinthu chakuda chisayesedwe mthunzi.

Njirayi imafuna kuti chinthu chikhale chete kufikira zithunzi zonse zitatha. Chitsulo cha galimoto choyezedwa m'fakitale sichidandaula, koma mwana wakhanda sangapirire. Nchifukwa chake ena anasankha kuponya chithunzi chimodzi chokha cha timadontho tomwazika, mwa kuŵala kumene diso la munthu silikuona. Motero ndimo munkagwirira ntchito Kinect yoyamba ya kampani ya Microsoft, yotuluka m'chaka cha 2010. Ndipo iPhone X ya mu 2017 inazindikira nkhope ya mwini wake poiŵaza timadontho toposa 30,000.

Zina zimavutabe. Galasi limalola kuŵala kupyola, chitsulo chonyezimira chimakutaya kumbali, ndipo panja, masana dzuŵa likuswa mtengo, mizere ija imazimirira monga nyali yoyatsidwa pabwalo usana.