MATONDO ACOKERA KUTI?

(Mau amene mlangizi wa za nkhalango analankhula pa msonkhano m'boma la Chitipa)

Mvula ikayamba, ambiri a inu mumakwera m'mapiri a Mafinga, pa malire ndi Zambia, kukatola matondo. Lero ndifuna kukuuzani za make wa matondowo.

Make ndiye gulugufe wamkulu wouluka usiku, wa mawanga onga maso pa mapiko ace. Moyo wace ndi wa masiku owerengeka okha, pakuti alibe pakamwa podyera. Wamwamuna ali ndi tinyanga tonga nthenga, ndipo nato amamva fungo la wamkazi ali kutali. Wamkazi amaikira mazira pa mitondo ndi mitengo yina ya m'thengo, nafa. Pakapita ngati masabata awiri mazira aja amaswa timbozi. Timeneti timadya masamba usana ndi usiku, tifundula khungu kanai, ndipo pomatha mwezi ndi theka tasanduka matondo onenepa amene inu muwadziwa.

Tsono mvetsetsani apa. Mbozi ikakhuta imatsika mu mtengo, nikumba pansi, niuma khungu, nigona m'dothi cirimwe conse. Imeneyo ndiyo idzaturuka gulugufe caka ca mawa. Mukatola onse asanatsike, mwadya mbeu, monga munthu wophika mawere amene anasungira kubzala. Mukagwetsa mtengo kuti mutole msanga, timbozi ta caka cinaco tidzasowa podya.

Koma mdani woposa ndiye moto wa mu October. Nthawi imeneyo udzu wauma gwa, moto ufika m'nthambi, nupsereza mazira pamodzi ndi masamba anthete. Moto wa mu May kapena June, udzu ukali ndi cinyezi, ungodutsa pansi, ndipo mitengo iphuka bwino.

Ku Kasungu, m'zaka za m'ma 1990, Boma linalola anthu a m'midzi yozungulira nkhalango yosungira nyama kulowamo kukatola mbozi pa nyengo yoikika. Ine ndiona kuti inu mafumu mungathe kucita cimodzimodzi kuno: muike tsiku loyamba kutola ndi tsiku loleka, muletse nkhwangwa. Aphunzitsi, ikani matondo atatu okhuta m'bokosi la dothi, mulisunge pa mthunzi, kuti ana adzaone okha cimene cidzaturukamo.